Makalasi a madzulo a za mapangano a mayiko, mmene ndaaonera ine

Kwa abale a kuno ku Harare amene munkandifunsa za makalasi aja a Lachiwiri madzulo mtawuni, ndalowa kanayi tsopano ndiye ndikuuzeni. Mtengo ndi $5 pa kalasi, ndipo ndalamayo siikundiwawa.

Sabata yatha tinali pa Arms Trade Treaty, pangano la malonda a zida zankhondo lija la UN la 2 April 2013, mayiko 154 anavota movomera, Iran, Syria ndi North Korea anakana. Ine ndinkaganiza kuti dziko likasaina basi nkhani yatha, koma ayi ndithu, America inasaina 2013 yomweyo koma nyumba yake ya malamulo sinavomereze panganolo mpaka lero, Trump anachita kulengeza mu 2019 kuti akubweza siginecha.

Pamene aphunzitsi anandigwira mtima ndi pa reservation, kutanthauza dziko kuvomera pangano koma nkunena kuti mfundo ina isalikhudze. Anati zili ngati pa chinkhoswe mwamuna kunena kuti ukwati ndavomera koma mfundo yakutiyakuti isandikhudze, ankhoswe atha kumumvera ngati kali kanthu kakang'ono, koma akati kunyumba sindizigonako ndiye palibenso ukwati pamenepo. Article 25 ya pangano la zidali imalola dziko kuika "koma" wakeyo bola asaphe cholinga cha panganolo, nde vuto ndi loti woweruza kuti apa mwapyola malire ndani? Nchifukwa chake akazembe amada nkhawa, dziko logulitsa mfuti likangozemba Article 7, yofuna kuti liyambe laona ngati zidazo sizikapha anthu wamba, anzake nawonso atsata ndipo chotsala ndi pepala chabe.

Mayi wina wa ku Mbare anakumbutsa za sitima ya An Yue Jiang ija ya 2008, inanyamula zida za ku China zobwera kuno, ogwira ntchito padoko la Durban nkukana kutsitsa. Mkalasi munangoti zii, ambirife chaka chimenecho timachikumbuka bwino. Aphunzitsi sanathawe nkhaniyo, anaifotokoza modekha kuti nthawi imeneyo panganoli kunalibe.

Zondidandaulitsa zilipo. Chipinda nchopanikiza, magetsi akathima tikuwerenga ndi tochi ya foni, manotsi onse ndi achizungu chovuta cha maloya pomwe pakamwa amafotokoza bwinobwino m'Chishona ndi Chichewa chomwe. Amathanso mochedwa, kombi ya ku Mufakose ndinaipeza movutikira. Ndawapempha kuti aziyamba 5 koloko, ati aona sabata yamawa.