Matumba a PICS: zimene ndaona nditasungiramo chimanga nyengo ziwiri

Nyumba yathu ku Area 25 ndi ya zipinda ziwiri ndi balaza. Chimanga chikabwera kuchokera kumudzi ku Dowa mu June, kulibe kwina kochiika, chimakhala kuchipinda kwa ana. Kwa zaka zambiri tinkachita zimene aliyense amachita: kutonola, kupeta, kuthira mankhwala a fumbi, kusakaniza ndi fosholo, kenako kusoka matumba. Matumba asanu ndi atatu ankasanjikizana pakona, mphasa ya ana ili pambali pake.

Chimene chinandisintha maganizo ndi mwana wanga wamng'ono. Panthawiyo anali atangoyamba kukwawa. Tsiku lina m'mawa ndinamupeza atatsamira thumba, manja ali mbuu, zala zili m'kamwa. Thumba wamba ndi lolukidwa, ndiye fumbi la mankhwala limatuluka m'timipata take n'kumagwera pansi nthawi iliyonse munthu akaligunda. Ine ndinkasesa tsiku ndi tsiku, koma tsache limangouluza fumbilo kuti likatere pa mabulangete. Munthu wamkulu amayenda mutu uli m'mwamba. Mwana wokwawa amakhala pansi pomwepo, ndipo chilichonse chimene wagwira chimathera m'kamwa. Thupi lakenso ndi laling'ono, pang'ono pomwe kwa ife kwa iye ndi zambiri.

Panalinso nkhani ya phala. Kusikelo amatiuza kuti tiziphikira ana phala la mgaiwa wothira nsinjiro, ndipo n'zoona kuti ndi lopatsa thanzi kuposa la ufa woyera. Koma mgaiwa sukonoledwa, suviikidwanso m'madzi. Khungu la chimanga, pomwe mankhwala amamatirira, limalowa m'chigayo limodzi ndi zonse. Mankhwalawo ali ndi muyezo wake wolembedwa pa botolo, koma tinene zoona, ambirife timathira mongoyerekeza, ndipo tikaona nankafumbwe mmodzi mu October timawonjezera ena.

Matumba a PICS ndinawamva kwa mlangizi wa zaulimi wa kumudzi kwathu. Dzinali likuchokera ku Purdue University ya ku America komwe anawakonza, ndipo poyamba ankasungiramo khobwe kumadzulo kwa Africa. Ndinagula anayi a makilogalamu 50 m'sitolo ina yogulitsa zipangizo zaulimi mu Lilongwe. Mtengo unandiwawa. Limodzi ndalama yake ndikanagulira matumba wamba angapo, ndipo bambo a kunyumba anangoti, "Mayi a ana, pulasitiki basi ndalama zonsezi?"

Thumba lililonse ndi matumba atatu: awiri a pulasitiki yokhuthala mkati, ndi limodzi lolukidwa kunja. Mulibe mankhwala alionse. Ukamanga bwino, mpweya sulowa. Anankafumbwe amene abwera ndi chimangacho kuchokera kumunda amamaliza mpweya wotsalawo, amasiya kudya ndi kuswana, kenako amafa. Nzeru yake yathera pamenepo, n'chifukwa chake kamangidwe ndi chilichonse. Usanathire chimanga, umatenga thumba la mkati, kulikupiza kuti lidzaze mpweya, kuligwira kukamwa n'kulifinya kuti umve ngati likutuluka mpweya penapake. Ukathira chimanga, umatulutsa mpweya wotsala, kupotokola kukamwa, kupinda, n'kumanga. Thumba lililonse limamangidwa palokha, katatu konse. Ine ndimagwiritsa ntchito mphira zodula ku chubu cha njinga chifukwa chingwe chopyapyala chimacheka pulasitiki. Ntchitoyi imatenga nthawi kuposa kusoka thumba wamba, ndipo ndi bwino kukhala awiri.

Ndinatsegula thumba loyamba mu January, mtima uli phaphapha poopa kuti ndipeza ufa wokhawokha. Chimanga chinali monga ndinachiikira, choyera, cholira bwino m'lichero. Pansi panali anankafumbwe ochepa, onse akufa. Apongozi atabwera anatapa, kununkhiza, n'kufunsa kuti ndathira mankhwala anji osanunkha chonchi. Chipinda cha ana chinasiya fungo lija lomwe tinalizolowera mpaka kumaliona ngati fungo la chimanga. Pansi ndikakolopa, nsanza imatuluka ndi dothi wamba.

Zovuta zilipo. Thumba limodzi makoswe analiboola, ndipo vuto linali langa: ndinalisiya pansi, litatsamira khoma, njere zina zitatayikira pambali. Pasanathe miyezi iwiri anankafumbwe anali atayambamo. Panopa ndimawaika pa matabwa, kutali pang'ono ndi khoma, ndipo ndimasesa njere iliyonse. Pulasitiki imabookanso ndi zitsononkho zothyoka kapena timitengo, choncho kupeta kuyenera kukhala kwenikweni. Chinanso, thumbali silifuna kutsegulatsegula. Ndikatsegula ndimatapa zokwanira mwezi wonse n'kumanganso nthawi yomweyo. Pa anayi aja, atatu ndawagwiritsanso ntchito nyengo yachiwiri popanda vuto, ndiye ukawerengera, mtengo uja sukhalanso woopsa.

Pali chinthu chimodzi chimene wogulitsa sanandiuze, ndipo ndi chachikulu kwa ife amene tili ndi ana. Thumbali silichotsa chuku. Chimanga chimene chayamba kale nkhungu chisanalowe m'thumba, poizoni wake, amene madokotala amamutcha aflatoxin, amakhalabe momwemo. Poizoniyu saphikika, phala libwate bwanji. Amawononga chiwindi, ndipo akatswiri amamutchula pa zinthu zimene zimayendera limodzi ndi kupinimbira kwa ana. Ku Kenya mu 2004 anthu oposa 100 anafa atadya chimanga cha chuku. Choncho chimanga chiyenera kuuma gwa chisanalowe. Ine ndimaluma njere, ikathetheka mokuwa ndiye kuti yauma. Ndimayesanso ndi mchere: njere pang'ono ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, kutseka, kukhutchumula, kusiya kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Njere zowola, zobiriwira ndi zakuda ndimazisankha n'kutaya, sindipatsa ngakhale nkhuku. Mtedza wa nsinjiro ndimausankhanso chimodzimodzi, ndipo ndinasiya kugula woswa kale kumsika chifukwa ena amaunyowetsa kuti usweke msanga.

Mnzanga wina wa pamzere pathu anandiuza kuti ndikuvutikiranji, iye amangoponya mapiritsi ophera anankafumbwe m'matumba. Ndinamupempha kuti asamatero m'nyumba yogona anthu. Mapiritsiwo akakumana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa phosphine. Anapangidwira nyumba zosungiramo mbewu zotsekedwa bwino, zomwe simugona munthu, ndipo oyenera kuwagwira ndi anthu ophunzitsidwa. Thumba wamba silingatsekere mpweya umenewo. Umatuluka usiku mawindo ali otseka, ana ali m'tulo pambali pake. Ndinamubwereka thumba langa limodzi kuti aliyese, ndipo mpaka lero sanabweze chifukwa muli nandolo wake.

Kwa amene muli ndi nkhokwe yabwino kutali ndi kogona, mwina simungaone kusiyana kwakukulu. Kwa ife a m'nyumba zalendi, amene chimanga chimagona limodzi ndi ana, ndikuti gulani, ngakhale awiri okha poyamba, muikemo chimanga cha phala la ana. Pogula tsegulani muone kuti a pulasitiki alimo awiri, chifukwa kumsika kuli ena ofanana nawo a pulasitiki imodzi yopyapyala. Chaka chino ndawonjezera ena anayi, ndipo bambo a kunyumba ndi amene anakagula okha.