Miyala yamoyo, youma kapena yakale: muyale iti m'thanki yatsopano ya makorali?

Munthu amene wasunga makorali kwa zaka zambiri akamakonza thanki yatsopano, maganizo amathamangira ku magetsi, mapampu ndi skimmer (chida chochotsa zinyalala m'madzi pogwiritsa ntchito thovu). Zimenezo n'zofunika ndithu, koma zonsezo mukhoza kuzisintha tsiku lililonse osakhuthula madzi. Miyala ndiye ayi. Mukangoiyala, kuimata n'kudzalapo makorali, mukhala nayo mpaka tsiku lomwe mudzaphwasule thanki yonse. Ndiye anzanga, tiyeni tikambirane za miyala yokhayokha. Njira zilipo zitatu: kugula miyala yamoyo yochokera m'nyanja (imene imabwera ndi mabakiteriya ndi tizamoyo take), kuyamba ndi miyala youma, kapena kubwezeretsa miyala ya m'thanki yanu yakale.

Mwala wa m'thanki si chokongoletsera chabe. Uli ndi timabowo tosawerengeka momwe mumakhala mabakiteriya osandutsa amoniya kukhala nitrite, kenako nitrate, ndipo m'kati mwenimweni, momwe mpweya wa okosijeni sufika bwino, muli ena amene amachotsako nitrate. Lee Chin Eng wa ku Indonesia anaonetsa m'zaka za m'ma 1960 kuti thanki ikhoza kuyenda ndi miyala ya m'nyanja ndi mpweya basi, ndipo njira ya ku Berlin, imene ambiri a ife tinakulira, inangowonjezerapo skimmer wamphamvu ndi kalkwasser (madzi a laimu owonjezera calcium). Chimene chasintha masiku ano si ntchito ya mwala koma kapezekedwe kake. Tonga inasiya kutumiza kunja miyala yamoyo mu 2008, Fiji inalengeza chiletso chake kumapeto kwa 2017, ndipo ku Florida kuthyola miyala ya m'matanthwe achilengedwe kunaletsedwa kale m'zaka za m'ma 1990. Yambiri imene imapezeka pano ndi yochita kulimidwa: amatenga miyala ya laimu ya kumtunda, kuimiza pansi pa nyanja pamalo obwereka ku boma, n'kudikira zaka zingapo kuti zamoyo zikhazikikepo. Ikadutsa malire a mayiko imafunanso ziphaso za CITES (pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zimene zili pangozi), ndiye mtengo wake sungafanane ndi wakale.

Komabe amene anatsegulapo bokosi la miyala yamoyo yabwino amadziwa chimene akulipirira. Fungo lake ndi la m'mphepete mwa nyanja, osati la chinthu chowola. Pamwamba pali ndere zolimba za coralline, zofiirira ndi zapinki, m'mphako muli masiponji achikasu, ndipo pakapita masiku ochepa timphutsi ta nthenga timayamba kusuzumira m'timapaipi take. Muzimitse magetsi usiku n'kuunika ndi tochi yofiira pagalasi: muona tizilombo ta copepod ndi amphipod tikuyenda balalabalala ngati nyerere zimene mwaziphwasulira chulu. Tizilombo timeneti ndi timene timadya ndere zisanakule, timadyetsa nsomba zovuta ngati mandarin, ndiponso timalanda malo amene zoipa zikanakhalapo. Palibe botolo la m'sitolo limene lingakupatseni mitundu yochuluka chonchi.

Zovuta zake sindibisa. Miyala imene yayenda ulendo wautali itangokutidwa ndi mapepala onyowa imafika masiponji ambiri atafa, ndipo mukaiponya m'thanki momwemo amoniya imakwera koopsa. Imafuna kukhala kaye mumgolo wa madzi amchere, muli hita ndi pampu, kwa milungu iwiri mpaka inayi, mukusintha madzi ndi kuchotsa zowola ndi burashi. Imene amatumiza ili m'madzi simavuta choncho, kungoti mumalipira kulemera kwa madziwo pa ndege. Ndiyeno pali alendo osaitanidwa. Mukamva kuti tha! tha! usiku, mwina ndi kanyama kosalakwa konga nkhanu kotchedwa pistol shrimp, mwinanso ndi mnzake mantis shrimp amene adzamaliza nkhono zanu. Nkhanu yaubweya ya zala zakuda zosongoka si mnzanu. Aiptasia (tizamoyo tonga maluwa timene timaluma makorali n'kuchulukana msanga), ndere za Bryopsis ndi za timibulu tobiriwira za Valonia, zonsezi zimakwera nawo pamwala. Kuyala miyalayi kumafunanso changu chifukwa siyenera kuuma, ndiye kawirikawiri mumangolandira maonekedwe amene yabwera nawo.

Apa ndi pamene miyala youma imapambana, ndipo imapambanadi. Kaya ndi yokumba pansi ngati ya kampani ya Marco, yochokera m'matanthwe akalekale a ku Florida, kaya yopanga ngati Real Reef imene amaipaka kale utoto wofiirira, mumaiyala patebulo mtima uli m'malo. Mujambule kukula kwa thanki pa katoni, muswe miyala ndi tchizulo, mulumikize ndi guluu wa cyanoacrylate ndi simenti yake, mupite kukagona, mawa mudzaionenso ndi maso ena. Mashelefu otambalala, mipata yoti madzi azidutsa kumbuyo, malo okwanira oti makorali olimba otchedwa Acropora adzatambasule nthambi osakhudza galasi, zonsezi n'zotheka ndi miyala youma. Lamulo lakale lija la pafupifupi theka la kilogalamu ya mwala pa malita anayi alionse a madzi ambiri analisiya, ndipo anachita bwino, chifukwa khoma la miyala lotsamira galasi lakumbuyo limangosunga zinyalala. Miyala youma ndi yotchipa, simabwera ndi chilombo ngakhale chimodzi, komanso simukhala ndi nkhawa yoti mwina inathyoledwa pa thanthwe lamoyo.

Kuyambitsa mabakiteriya nakonso sikuvuta. Mumathira a m'botolo, monga a Dr. Tim's kapena Fritz, n'kuwadyetsa ammonium chloride mpaka amoniya ifike 2 ppm (mamiligalamu awiri pa lita). Tsiku limene amoniya yonseyo ikutha m'maola 24, nsomba zoyamba zikhoza kulowa. Koma apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Thanki imene ikutha kuchotsa amoniya sikuti yakhwima. Yangopeza mtundu umodzi wa antchito, pomwe mwala wonse ukadali mbee, malo opanda mwini. Mukayatsa magetsi amphamvu, woyamba kufika ndiye amatenga malowo. Zimayamba ndi fumbi lofiirira la ndere zing'onozing'ono zotchedwa ma diatom, limene limatha lokha silika ikatha m'madzi. Kenako ndere zobiriwira zonga tsitsi, mwina ndi chinsalu chofiira cha mabakiteriya a cyano pamchenga. Zimenezi n'zopiririka. Chosapiririka ndi ma dino (ma dinoflagellate), tizamoyo ta selo limodzi timene timachulukana msanga.

Amene sanakumanepo nawo amve bwino. M'mawa thanki imaoneka yoyera, mpaka mumaganiza kuti vuto latha. Pofika masana pamiyala ndi pamchenga pamakhala tizingwe tofiirira tonanda, kalikonse kali ndi kathovu ka mpweya kunsonga, ndipo timakola ngakhale pa nthambi za makorali. Mukapopa lero, mawa tabweranso. Mitundu ina, makamaka Ostreopsis, ili ndi poizoni, moti nkhono zimene munagula kuti ziziyeretsa zimayamba kugwa chagada n'kufa. Pochiza pake mpofunika maikulosikopu, chifukwa Ostreopsis amayandama m'madzi usiku ndipo nyale ya UV (yopha tizilombo m'madzi odutsa pamenepo) imawapha, pamene Amphidinium amabisala mumchenga ndipo UV siwakhudza kwenikweni. Nkhondo imeneyi imatha kutenga miyezi, ndipo yagwetsa ulesi anthu ambiri amene anali ndi luso lokwanira.

Chomvetsa chisoni n'chakuti akatswiri akale ndi amene amagwa msanga m'mbuna imeneyi. Tinaphunzitsidwa kuti nitrate ndi phosphate zikhale pa ziro, ndiye tsiku loyamba lomwe timaika skimmer wamkulu, GFO (timibulu toyamwa phosphate) ndi ndere za chaeto mu sump (thanki yapansi yosefera madzi). M'thanki yakale yodzaza ndi zamoyo zimenezo zinkagwira ntchito. M'thanki ya miyala youma zimapha ndi njala tizamoyo tochepa timene tikanapikisana ndi ma dino, pamene iwo amapirira m'madzi opanda chakudya. Mwala woumawo umasokonezanso kayezedwe. Wina, ngati mwala wa Pukani umene unkabwera ndi zouma zambiri m'kati, umatulutsa phosphate kwa miyezi. Wina, woyera bwino, umayamwa phosphate yonse imene mwathira mpaka utakhuta, moti choyezera chimangoonetsa ziro. Ngati mwasankha njira imeneyi, nitrate ikhale pakati pa 5 ndi 10 ppm, phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm, ngakhale zitafuna kuti muzichita kuthira. Ndipo Acropora adikire. Ngakhale madzi ali pa miyezo yoyenera, monga mchere pa 35 ppt, kutentha pa 25 mpaka 26 digiri, alkalinity pa 8 dKH ndi calcium pa 420 ppm, m'miyezi yoyambirira amakonda kufwifwa kapena kusenda khungu popanda chifukwa chooneka pa zoyezera.

Nanga miyala yanu yakale? Ngati thanki yakaleyo ikuyendabe bwino ndipo mukuidziwa kuti ilibe Aiptasia kapena nkhono za vermetid zotaya ulusi, musaganize kawiri. Isamutseni ili m'madzi, chifukwa imeneyo ndi miyala yamoyo imene simulipira kanthu. Kumbukirani chabe kuti mwala umene wakhala zaka m'madzi a phosphate yokwera wasunga yambiri, ndipo udzaibweza pang'onopang'ono m'madzi atsopano. Ngati inauma m'ndowa, ndiye kuti ndi yoipa kuposa youma ya m'sitolo, popeza ndi yodzaza ndi zakufa. Iviikeni m'madzi a jiki wopanda zonunkhiritsa kwa mlungu, muitsuke bwinobwino, muthire mankhwala ochotsa klorini, kenako iume padzuwa mpaka fungo litatheratu. Ena amaiviikanso mu asidi kuti khungu lakunja lisungunuke pamodzi ndi phosphate yake. Zimenezo chitirani panja, mutavala magolovesi ndi zoteteza maso, muzithira asidi m'madzi osati madzi mu asidi, ndipo asidi asakumane ndi jiki ngakhale pang'ono chifukwa zimatulutsa mpweya wakupha. Mwala umene unakhalapo m'thanki yothiridwa mankhwala a kopa ungotayidwa.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse: musawiritse mwala, musauthire madzi otentha, musaukweche wouma m'nyumba. Makorali ofewa a Palythoa ndi ma zoanthid ena ali ndi palytoxin, imodzi mwa poizoni zoopsa kwambiri zodziwika m'chilengedwe, ndipo nthunzi yake yagonetsapo m'chipatala mabanja athunthu, ana ndi ziweto zomwe. Kachidutswa kouma kobisika m'mphako n'kokwanira.

Tsono ine ndaima pati? Ndimaona kuti mantha a Aiptasia anatikankhira kutali kwambiri. Aiptasia amaoneka ndi maso, amakhala pamalo amodzi, ndipo ali ndi adani odziwika: Berghia (nkhono zopanda chigoba), peppermint shrimp, nsomba ya filefish, ngakhale phala la kalkwasser lothira ndi jakisoni pakamwa pake. Mantis shrimp amakodwa mumsampha, kapena mumangotulutsa mwala umene akukhalamo. Ma dino alibe malo amodzi oti muwagwire. Komanso tinene zoona, thanki yoyamba ndi miyala youma simakhala yopanda zilombo mpaka kalekale. Korali aliyense amene mumagula amabwera pa kachitsa kake, ndipo pansi pa kachitsako ndi pamene Aiptasia, Bryopsis ndi mazira a nyongolotsi zaphwatalala zimabisala. Amene sadula zitsa ndi kuviika makorali atsopano m'mankhwala adzakhala nazo zilombozo ndithu, kungoti adzakhala atadzimana zabwino zonse za mwala wa m'nyanja.

N'chifukwa chake ndimasakaniza. Chimango chonse, mashelefu ndi mizati, ndimamanga ndi miyala youma mmene ndikufunira, n'kusiya malo oti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu likhale la miyala yamoyo yolimidwa m'nyanja. Yamoyoyo imayamba yakhala payokha m'beseni la madzi amchere lokhala ndi kuwala pang'ono kwa mwezi wathunthu, ndikuiyendera ndi tochi usiku, kutchera nkhanu ndi kadyero m'kapu yopendekeka, ndi kupha Aiptasia aliyense amene watulukira. Pa nthawi yomweyo youma ija imakhala ikuviikidwa mumdima, ndikuyeza phosphate yake. Ndalama zimapita zambiri kuposa kugula youma yokhayokha, koma n'zochepa poyerekeza ndi UV, maikulosikopu ndi makorali ofa.

Alipo amene sangapeze miyala ya m'nyanja mwalamulo kumene ali. Iwowo asataye mtima, koma asathamange. Nsomba zilowe kaye ndipo zizidya bwino, magetsi akhale ozima kapena otsika kwa miyezi iwiri kapena itatu yoyamba, skimmer azigwira pang'ono, GFO ikhale m'kabati. Apemphe tizidutswa ta miyala ndi kapu ya mchenga kwa mnzawo amene thanki yake ndi yakale ndiponso yaukhondo, athire ma copepod amoyo, ndipo ayambe ndi makorali ofewa ndi a LPS (olimba koma a minofu yaikulu) amene sadandaula msanga. Kaya mwapeza miyala yamoyo yambiri kapena zidutswa zochepa, musaibise yonse mu sump. Coralline ndi tizilombo todya ndere zimafalikira msanga mwala wamoyo ukagundana ndi wouma m'thanki yapamwamba momwe muli kuwala, ndipo UV ikhale yozima m'milungu yoyambayo kuti mbewu zoyandama m'madzi zipeze pokhala.