Bodi ya darts ya khonje: yapirira miyezi khumi ku Nchalo, koma mivi yake ayi

Bodi iyi ndinaigula mu Januwale 2025 m'sitolo ina ya zamasewero ku Limbe, ndipo ndachedwa dala kulemba. Kuno ku Chigwa cha Shire katundu sitimuyamikira ali m'katoni. Mpando wapulasitiki womwe ku Blantyre umakhala zaka, kuno dzuwa limauwumitsa mpaka umathyoka munthu wochepa thupi atakhalapo. Ndiye ndinati iyambe yakumana ndi mvula ya Febuluwale, fumbi la Ogasiti ndi ng'anjo ya Okutobala. Yadutsa monsemo. Bodiyo ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Mivi yomwe inabwera nayo ndikanaipatsa theka la nyenyezi, zikanakhala kuti nyenyezi imadulidwa.

Ndili ndi kagolosale ku Nchalo, ndipo kuseri kwake kuli khumbi lamalata komwe anthu amakhala akaweruka m'minda ya nzimbe. Kale kunali bawo basi. Amene anandilowetsa m'zimenezi ndi mwana wa mlongo wanga. Tsiku lina anandibweretsera foni ndikuwerenga ndalama za tsikulo.

"Malume, taonani uyu. Zaka 17, msinkhu wanga ndendende."

Anali Luke Littler, atangogonjetsa Michael van Gerwen 7-3 n'kukhala katswiri wa dziko lonse lapansi wa darts, masewero oponya mivi pa bodi, kumayambiriro kwa Januwale yemweyo. Ine ndinaona anyamata awiri akubaya khoma ndi timisomali, anthu masauzande akukuwa kumbuyo kwawo ngati kuli mpira. Patatha milungu iwiri ndinali m'minibasi, katoni ili pamiyendo, tikutsika mapiri kulowera ku Thabwa. Ndalama yomwe ndinapereka ikanagula mbuzi yabwino pamsika wa ku Ngabu, ndipo mayi a kunyumba sanalephere kundikumbutsa zimenezo.

M'katonimo munali bodi, mivi isanu ndi umodzi ya brass, kachitsulo kokolekera ndi kapepala ka malangizo. Kapepalako kanali ndi miyeso yolondola: kuchokera pansi kufika pakati penipeni pa bodi mamita 1.73, ndipo woponya aime mamita 2.37. Cholakwa chinali chathu. Tinayeza kuchokera kukhoma m'malo moyeza kuchokera pankhope ya bodi, ndipo mlungu wathunthu tinaponya tili pafupi kuposa moyenera, tikudzitama. Koma misomali yopota yomwe inali m'katoni ndi yaifupi zedi. Pa njerwa zathu zowotcha sinagwire, moti tinakhomera kaye thabwa kukhoma n'kukoleka bodi pathabwapo. Mozungulira tinaikamo tayala lakale, pansi tinayala mphasa, chifukwa muvi ukagwera pasimenti nsonga imafa pompo.

Tinkafuna kuti ligi yathu iyendere limodzi ndi Premier League ya darts ya PDC, bungwe loyendetsa mipikisano ya akatswiri, yomwe mu 2025 inayambira ku Belfast pa 6 Febuluwale. Kwa amene simuidziwa, muli osewera asanu ndi atatu okha. Lachinayi lililonse amakumana mumzinda wina, n'kuchotsana usiku womwewo mpaka atatsala mmodzi. Wopambana usikuwo amatenga mapointi 5, wachiwiri 3, ogwera m'ndime yachiwiri 2 aliyense. Amatero milungu 16, kenako anayi apamwamba amakamaliza ku O2 Arena ku London. Mu 2025 munali Littler, Luke Humphries, Van Gerwen, Gerwyn Price, Rob Cross, Nathan Aspinall, Stephen Bunting ndi Chris Dobey. Ifenso tinapeza anthu asanu ndi atatu, tinagula kope la sukulu, tinajambula mizere. Masewero awowo amayamba cha m'ma 9 koloko usiku nthawi yathu, ndipo Azungu akasintha mawotchi awo kumapeto kwa Marichi amayamba cha m'ma 8. Bandulo ya intaneti sinkatilola kuonera zonse, ndiye nthawi zambiri tinkadikira zidule za pa YouTube m'mawa wa Lachisanu, anthu asanu kuunjikana pa foni imodzi.

Usiku woyamba tinafuna kutengera ndendende: kuyambira pa 501 kutsika, woyamba kupambana magemu 6. Pofika pakati pa usiku udzudzu unali utakhuta, ife tisanamalize ngakhale masewero achiwiri. Kutsitsa nambala si vuto. Vuto ndi lamulo loti umalize ndi dabulo, kamzere kopyapyala ka m'mphepete komwe nambala imawerengedwa kawiri. Munthu amatsala ndi 32, aphonya dabulo 16 n'kubaya 16 wamba, atsala 16, kenako 8, kenako 4, mpaka kudzipeza pa dabulo 1, komwe ife tinakutcha kundende. Mphunzitsi wina wa pulayimale anakhala kundende mphindi makumi awiri anzake akumuimbira nyimbo yamaliro. Mlungu wotsatira tinatsitsa kufika pa 301, woyamba kupambana magemu awiri.

Tsopano za bodi yeniyeniyo, chifukwa n'zimene mwabwerera. Yapangidwa ndi ulusi wa khonje wothinanitsidwa kwambiri, nsonga zake zikuloza kwa woponya. Muvi suboola chinthu, umangolowa pakati pa ulusi, ndipo ukauzula ulusiwo umabwererana. N'chifukwa chake simuona mabowo ngati pa mabodi otchipa a pepala lokulungakulunga omwe amagulitsidwa pamodzi ndi zidole. Agogo ena omwe amabwera kudzasewera bawo anaipapasa ndi chala nati, "Mwana wanga, wapereka mbuzi yonse chifukwa cha khonje lomangira mbuzi?" Ndinalibe choyankha. Koma khonje lomwelo labayidwa pafupifupi madzulo alionse kwa miyezi khumi, ndipo mitundu yake, wakuda, woyera, wofiira ndi wobiriwira, ikuonekabe bwino.

Pali chinthu chimodzi chimene kapepala ka malangizo sikananene, ndipo wogulitsa sanandiuze. Mkombero wa manambala umachoka. Aliyense amalunjika pa 20 chifukwa katatu kake, pa kamzere kam'kati komwe nambala imawerengedwa katatu, ndi 60, ndipo mivi itatu pamenepo ndi 180, nambala yaikulu yomwe munthu angapeze pa ulendo umodzi. Ndiye malo amenewo amatha msanga kuposa ena. Pofika mu Epulo pamwamba pa bodi yathu panayamba kuoneka ubweya. Kunena zoona, pomwe panavutika kwambiri si pa 20 koma pa 1 ndi pa 5, anansi ake a kumanja ndi kumanzere, zomwe zikukuuzani luso lathu. Mwana wa mlongo wanga uja ndi amene anapeza nzeru yake: umachotsa mkombero, n'kutembenuza bodi kuti chigawo china chakuda chikhale pamwamba, n'kubwezera mkombero 20 ili pomwepo. Chiyambireni timatembenuza milungu iwiri iliyonse. Ndikanadziwa kuyambira mu Febuluwale, bodi ikanakhala yosalala kuposa pano.

Chimene chandichotsetsa nyenyezi imodzi ndi mawaya. Ndi ozungulira, okhuthala, ndipo agwiridwa ndi timisomali tokhota, makamaka pafupi ndi pakati pomwe pali 25 ndi 50. Muvi ukamenya waya umabwerera n'kugwa, ndipo muvi wogwa suwerengedwa. Pa mabodi omwe amaseweretsa akatswiri mawaya ake ndi opyapyala ngati lumo, olowetsedwa m'khonje momwemo, n'chifukwa chake kwa iwo zimenezi sizichitika kawirikawiri. Kwa ife zimachitika usiku uliwonse, ndipo zinatsala pang'ono kuthetsa ubwenzi wa anthu awiri pomwe wina anabaya dabulo yomalizira muvi n'kulendewera kamphindi kenako n'kugwa. Ngati thumba likulola, onjezani ndalama mugule yopanda timisomaliti.

Za nyengo yathu ndinene mosabisa. Mdani wa bodi iyi ndi madzi, ndipo wachiwiri ndi dzuwa. Mlamu wanga, pofuna kundithandiza, anaipukuta ndi nsalu yonyowa kuti achotse fumbi. Pafupi ndi 3 panatupa kachotupa komwe sikanabwererenso mpaka lero. Musamvere aliyense wokuuzani kuti bodi ikauma muziiwaza madzi. Zimenezo zinali za mabodi amatabwa akalekale. Fumbi timachotsa ndi burashi youma. M'miyezi yamvula chinyezi chinachititsa dzimbiri pa mkombero wa manambala, tinaupala n'kuupaka utoto woyera. Mu Okutobala, malata akatentha mpaka munthu osakhala m'khumbi masana, ulusi unauma ndipo mivi inayamba kugwira mofooka pang'ono. Tsopano ndimaichotsa m'mawa n'kuisunga m'golosale, pamthunzi, kutali ndi pansi chifukwa cha chiswe. Kachitsulo kokolekera kaja n'kabwino pa zimenezi: kuchotsa ndi kubwezera ndi ntchito ya kamphindi.

Mivi ija ndiye manyazi. Timipini take tapulasitiki tinayamba kuthyoka mlungu wachitatu. Mapiko anang'ambika usanathe mwezi. Ndinafunsa ku Nchalo konkuno, ndinatuma munthu ku Dyeratu ndi ku boma la Chikwawa, wina anayang'ana ku Ngabu, osapeza ngakhale phiko limodzi. Chilichonse mpaka ukwere phiri kupita ku Blantyre. Kwa milungu ingapo tinkadula mapiko kuchokera ku mabotolo a zakumwa, ndipo muvi unkauluka mokhotakhota ngati woledzera. Komanso brass ndi yopepuka, ndiye kuti muvi ulemere amaupanga wonenepa. Itatu yonenepa singakwane bwino m'kabokosi ka katatu 20, wachiwiri umangomenya woyamba. Akatswiri amagwiritsa ntchito tungsten, chitsulo cholemera kwambiri moti muvi umakhala wowonda ngati pensulo koma kulemera kwake kuli komweko. Mu Epulo ndinapeza itatu ya tungsten ya magalamu 23 kwa munthu wina ku Blantyre amene anasiya kusewera. Kusiyana kwake kunamveka m'dzanja tsiku lomwelo. Ndiye powerengera mtengo wa bodi iyi, muwerengeretu mivi ina, timipini ndi mapiko apadera ambiri.

Kuwala nakonso muganizire. Babu limodzi lapadenga limaponya mthunzi wa muvi pa manambala, ndipo mikangano imayambira pamenepo. Tinaika mababu awiri a sola, lina uku lina uku, ndipo magetsi akathima ife timapitiriza.

Ligi ya akatswiriyo inatipatsa zokamba zambiri kuposa momwe ndinkaganizira. Usiku wa ku Brighton mu Marichi, Humphries ndi Cross onse anamaliza 501 ndi mivi isanu ndi inayi yokha, komwe ndi kuchepetsetsa komwe kungatheke: kawirikawiri 180, 180, kenako 141. Ife tinawerenga m'kope mwathu kuti wabwino kwambiri pakati pathu anamaliza 301 ndi mivi 34, ndipo tinamugulira chakumwa. Van Gerwen, yemwe watenga chikho chimenechi kasanu ndi kawiri, kuposa Phil Taylor amene anachitenga kasanu ndi kamodzi, sanalowe n'komwe mwa anayi omaliza. Kasitomala wanga wina amene ankabwera atavala malaya obiriwira pomutsanzira anangosiya kuwavala osalengeza. Littler anatsogola pamndandanda atapambana mausiku asanu ndi limodzi, ndipo anyamata onse anali kumbali yake. Ine ndinali wa Humphries, mwina chifukwa saoneka wothamanga magazi. Pa 29 Meyi ku London tinasonkherana bandulo kuti tionere zomaliza zonse. Humphries anapambana 11-8, kubweza chipongwe cha 2024 pomwe Littler anamugonjetsa 11-7 pamalo omwewo, ndipo anatenga mapaundi 275,000. Wopambana ligi yathu, mnyamata wa kabaza, anatenga nkhuku imodzi yamoyo, ndipo sanadandaule.

Sindinayembekezere kuti bodi ingaphunzitse masamu, koma ana a sitandade 7 omwe amatilembera zigoli masana a Loweruka tsopano amachotsera 57 pa 301 pamtima, msanga kuposa ine ndi kakyuleta yanga ya m'golosale. Komabe mivi iyi ndi yachitsulo chosongoka. Ana saponya popanda wamkulu, ndipo munthu akafika poyamba kuyankhula mokweza sitimupatsanso muvi. Lamulo limeneli linabwera muvi utabaya patapata wa munthu, mwamwayi pakati pa zala.

Kwa wamalonda amene akufunsa ngati yabweza ndalama: inde, cha mu Juni, kudzera m'zakumwa ndi mtedza zomwe anthu amagula akudikira nthawi yawo. Sindilipiritsa kuponya. Chigawo chilichonse chakuda chakhalapo kale pamwamba, ndipo ndikuona kuti bodi ipirira nyengo inanso imodzi tisanafune yatsopano, yomwe idzakhale ya mawaya opyapyala. Kope latsopano ndagula kale, mayina afika khumi ndi awiri pa malo asanu ndi atatu, ndipo dalaivala wa minibasi amene amandigulira mapiko ku Limbe wandiuza kuti ulendo uno sanyamula kanthu ngati dzina lake silili m'kopemo.