Kunyamula ovulala kunkhondo kapena kukagwira ntchito kukampu?

Mu 1941, pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, mnyamata wa ku America wokana kupha munthu pankhondo akaitanidwa kuusilikali anali ndi njira ziwiri, kupatula ndende.

Akanatha kuvala yunifolomu koma osagwira mfuti, n'kumanyamula ovulala. Ameneyu ankalandira malipiro ngati msilikali aliyense.

Njira ina inali Civilian Public Service, makampu ogwiramo ntchito m'malo mwa usilikali, omwe mipingo yokana nkhondo ya Quaker, Mennonite ndi Brethren inkayendetsa limodzi. Amuna pafupifupi 12,000 anadzera kumeneko: kuzimitsa moto m'nkhalango, kudzala mitengo, kusambitsa ndi kudyetsa odwala misala m'zipatala zaboma. Boma silinkawapatsa malipiro. Zowadyetsa m'makampumo zinkachokera kumipingo ndi kwa achibale. Kwa wapabanja njirayi inali yowawa zedi, poti mkazi ndi ana ankatsala opanda pogwira. Komabe ambiri anaisankha, ponena kuti kupoletsa msilikali kuti abwerere kukamenya n'kuthandizanso nkhondo yomweyo.