Boxer BM 150: imamwa mafuta angati, nanga thanki imodzi ikufikitsani kuti?

Amene akufuna njinga yamoto ya Bajaj Boxer BM 150 chifukwa choti siwononga mafuta, agule, sadzanong'oneza bondo. Koma asagule podalira manambala amene amatchulidwa pa siteji ya kabaza, pomwe wina amalumbira kuti yake imayenda makilomita 70 pa lita imodzi. Yanga ndinaigula yatsopano, yaona dzinja ndi chilimwe kuno ku Dedza, ndipo 70 ameneyo sindinamuonepo.

Ndimagula mbatata ya kachewere ndi nyemba kwa alimi, choncho njingayi sigona. Lero ku Bembeke, mawa ku Mayani kapena ku Lobi, nthawi zina kutsika Khwekhwerere mpaka ku Golomoti. Injini yake ndi ya 144.8cc, yozizira ndi mphepo, ya kabuleta (kachipangizo kosakaniza mafuta ndi mpweya). Yangayi ili ndi magiya anayi, ndipo thanki imalowa malita 11.

Poyeza ndimachita chonchi. Ndimaimika njinga pa sitandi yapakati kuti isapendekeke, n'kudzaza thanki mpaka m'khosi, kenako n'kulemba m'kabuku makilomita amene ali pa wotchi. Ndikadzathiranso mpaka pamlingo womwewo, malita amene pampu yawerenga ndi amene njinga yamwa. Makilomita amene ndayenda ndimawagawa ndi malitawo. Munthu wothira a K5,000 lero, a K3,000 mkuja, sangadziwe kamwedwe ka njinga yake, amangoganizira.

Pa tala, ndili ndekha, wotchi ili pakati pa 60 ndi 70, ndimapeza makilomita 47 mpaka 50 pa lita. Apa ndiye njingayi imasangalatsa, injini imalira mofatsa ndipo dzanja silichita kukoka moto wambiri. Ndikakweza munthu kumbuyo pa tala yemweyo, zimatsikira cha m'ma 43. Msewu wafumbi wopita ku Lobi, ndi matumba awiri a mbatata pa kaliyala, mabampu akukukakamiza kukhala mu giya yachiwiri ndi yachitatu, musayembekezere zoposa 38. M'dzinja, tayala lakumbuyo likamazungulira pamalo amodzi m'matope, ndawerengapo 33. Ndikaphatikiza zonse, mwezi ndi mwezi, ndimakhala pa 42 kapena 43. Kwa njinga yonyamula katundu wochuluka chonchi, ine ndakhutira.

Liwiro ndilo limadya mafuta kuposa katundu, ndipo ambiri sakhulupirira zimenezi. Pa M1 ukadutsa 80, injini imayamba kukuwa, phazi limafunafuna giya yachisanu yomwe kulibe, ndipo mafuta amatsika ngati madzi mu ndowa yobooka. Ulendo wa ku Lilongwe ndikauthamanga pa 85 kapena 90, ndimagwera pansi pa 40 ngakhale ndilibe katundu, pamene mphindi zomwe ndapulumutsa sizikwana n'komwe zomwera tiyi. Mwera ukamawomba kutsogolo mu Juni ndi Julayi, makamaka pobwerera kuchokera ku Lilongwe ukamakwera kudutsa Linthipe, ndiye zimaipiraipira. Jekete lotukumuka ndi mphepo ndi mtanga waukulu kumbuyo nazo zimawonjezera.

Tsopano za mtunda wa thanki imodzi, pomwe pagona nkhani. Munthu amatenga malita 11 n'kuchulukitsa ndi 45, n'kumati ayenda makilomita pafupifupi 500. Pa pepala n'zoona. Koma malita 11 amenewo akuphatikiza rizevu. Pansi pa thanki, mbali yakumanzere, pali kampopi kolembedwa ON, RES ndi OFF. Kakakhala pa ON, mafuta amatuluka kudzera m'kapaipi kotalika kamene kaima m'kati mwa thanki, ndipo akatsika kupitirira mutu wa kapaipiko njinga imayamba kutsamwa. Umamva ikujejemera kawiri katatu, moto ukuchepa m'dzanja, ndiye dzanja lamanzere limatsika kukatembenuza kampopi kuloza pa RES uku ukuyenda. Ikangomeza, imadzukanso. Pa yanga zimenezi zimachitika ndikayenda makilomita pakati pa 350 ndi 390, malingana ndi kumene ndadutsa sabata imeneyo. Otsalawo ndi malita awiri ndi kenakake, okwanira makilomita 80 kapena 90 ukamayenda mwaulemu, koma si mafuta owerengera pokonza ulendo. Ndi okufikitsa pa pampu basi. Komanso zinyalala ndi timadzi zimakhazikika pansi penipeni pa thanki, ndiye kuyendera rizevu kawirikawiri ndi kuitana mavuto a kabuleta.

Mukathira, kumbukirani kubweza kampopi pa ON. Anthu ambiri amene mumawaona akukankha njinga m'mbali mwa msewu si kuti njinga zawo zimamwa kwambiri ayi. Anasiya kampopi pa RES, mafuta n'kutha onse popanda chenjezo.

Kuchoka pano pa boma kupita ku Blantyre ndi makilomita oposa 200 pang'ono, kudzera ku Lizulu, Ntcheu, Chingeni, Zalewa ndi Lunzu. Ndikadzaza m'mawa ndimakafika thanki ili cha pakati, chifukwa njira yake ndi yotsika kwambiri. Pobwera ndi nkhani ina: kuchokera ku Ntcheu mpaka kuno ndi zitunda zokhazokha, ndipo thanki yomweyo singakubwezeni kunyumba osagwira rizevu. Ine ndimathira ku Blantyre konko kapena pa Ntcheu. Wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre, makilomita oposa 300, afika ndi thanki imodzi ngati sathamanga. Khwekhwerere nayenso amanyenga. Potsika njinga simwa kanthu, koma pokwera kuchokera ku Golomoti ndi katundu, makona onse aja mu giya yachiwiri, umabweza zonse ndi chiwongola dzanja. Ndipo musazimitse injini kapena kuchotsa giya potsika pofuna kupulumutsa mafuta. Mabuleki okha akatentha pa phiri limene lija sagwira, ndipo mafuta amene mungasunge sakwana kapu.

Pali zinthu ziwiri za kuno kwathu zimene manambala a ku India, komwe njingazi zimapangidwa, saziwerengera. Choyamba, petulo wa pa pampu ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Lita ya ethanol ili ndi mphamvu zochepa poyerekeza ndi lita ya petulo weniweni, choncho makilomita amatsikako pang'ono, ngakhale injini imamuwotcha bwinobwino. Chachiwiri ndi kukwera kwa malo. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mpweya ndi wopepuka, ndipo kabuleta sadziwa kudzisintha yekha. Njinga yomweyi ndikatsika nayo kunyanja imakoka bwino kuposa kuno. M'mawa wa Julayi, chisanu chili m'mafupa, imafuna choko, chowonjezera mafuta injini ikazizira, kuti ilire. Ikangotentha choko chibwezedwe, apo ayi mafuta akungotayikira mu ekizozi.

Chimene ndikadakonda chisinthe ndi kukula kwa thanki. Kuyambira mu 2022 mafuta akhala akusowasowa, ndipo tonse tikudziwa kugona pa mzere. Nthawi ngati zimenezo bungwe loona za mafuta la MERA limaletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo, kutanthauza kuti zomwe ulowe nazo kunyumba ndi zomwe thanki yako yalandira. Ukaima tsiku lathunthu padzuwa n'kuchokapo ndi malita 11 okha, mtima umalakalaka akadakhala 14 kapena 15. Komabe ndinene chilungamo, malita 11 omwewo amandigwirira ntchito pafupifupi sabata yathunthu, pamene mnzanga wa galimoto yaing'ono akuwatsiriza pa ulendo umodzi wopita ku Lilongwe n'kubwera. Mu Novembala 2023 petulo atafika pa K2,530, kudzaza thanki youma kunali K27,830. Mu Okutobala 2025 atakwera kufika pa K3,499, thanki yomweyo inafika pa K38,489. N'chifukwa chake m'kabuku mwanga ndimalemba malita, osati makwacha, poti makwacha sakhazikika.

Kusowa kwa mafutaku kumatikankhira kwa ogulitsa m'mabotolo. Sindikuwanyoza onse, kumidzi kutali ndi pampu ndi amene amatipulumutsa. Koma ena amasakaniza ndi parafini. Njinga yanga inamwapo oterowo pa msika wina wa kumudzi: inayamba kulira mwachilendo pokwera chitunda, utsi wonunkha nyali, moto wochepa, ndipo pulagi titaimasula inali yakuda bii. Thanki imeneyo sinafike n'komwe makilomita 300. Mukamagula, nunkhizani kaye, thirani kadontho pa chala. Petulo wabwino amauma msanga n'kusiya khungu lozizira, wosakaniza amasiya chala chonyowa ndi chamafutamafuta. Yang'ananinso botolo, poti ena amalitcha lita koma ndi lophwanyidwa m'mbali.

Kasamalidwe kamasintha manambala kwambiri. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi limatseka fyuluta ya mpweya msangamsanga, ndipo ikatsekeka injini imamwa mafuta ambiri pa ntchito yochepa. Ndikaitsuka ndimaona kusiyana pa thanki yotsatira yomweyo. Matayala ofewa, tcheni chouma kapena chothina kwambiri, ndi buleki yakumbuyo yokhula, zonsezi zimaba makilomita mwakachetechete. Imikani njinga pa sitandi yapakati, zunguzani tayala ndi dzanja, ngati likuima msanga pali chimene chikugwira. Koma chenjerani ndi amakaniko amene amati akutsekerani mafuta pa kabuleta kuti izimwa pang'ono. Inde imamwa pang'ono, koma injini yozizira ndi mphepo ikamanidwa mafuta imatentha mopitirira, ndipo ndalama imene mwasunga pa pampu mudzaipereka pa pisitoni ndi mavalavu.

Ena amandifunsa ngati kuli bwino kungogula yaing'ono ya 100cc. Ngati mumayenda m'tauni mokha, malo athyathyathya ngati ku Salima kapena ku Nkhotakota, munthu mmodzi kumbuyo, yaing'onoyo ikupatsani makilomita ambiri pa lita. Koma kuno kumapiri ndayendapo limodzi ndi mnzanga wa 100cc, tonse titasenza matumba, ndipo pa chitunda chilichonse iye ankakoka moto mpaka kumapeto mu giya yoyamba pamene ine ndinali mu yachiwiri moto uli theka. Titafika pa pampu malita athu sanasiyane kwenikweni, koma injini yake inali itatentha moti tinachita kuidikira kuti izizire.