Mphika wa mpunga umene ndinabwera nawo kuchokera ku Japan

Anthu angapo andifunsa ngati n'kwanzeru kuitanitsa mphika wa magetsi wophikira mpunga kuchokera ku Japan, monga timachitira ndi galimoto. Wanga ndauphikira zaka ziwiri kumeneko ndi chaka chimodzi kuno ku Mangochi, ndiye ndinene zomwe ndaona.

Ndinaugula wogwiritsidwapo kale ntchito mu shopu ina ku Niigata, kumene ndinkaphunzira. Eni ake amautcha suihanki. Umabwera ndi kakapu kake kolowa mamililita 180, ndipo wangawu umatha makapu asanu ndi theka. M'kati mwa poto muli mizere yoonetsa pomwe madzi alekezere. Ukatsuka mpunga, kuthira madzi ndi kudina batani, ntchito yako yatha. Sunandipsererezepo mpunga ngakhale kamodzi. Umathanso kuutchera usiku kuti mpunga udzapse 6 koloko m'mawa, ndipo ukapsa umaimba kanyimbo.

Kanyimbo kameneka ndili nako mangawa. Ku Niigata chipale chofewa chimagwa mpaka kukwirira galimoto, ndipo panali masiku ena Loweruka ndi Lamlungu omwe mawu okha omwe ndinkamva m'chipinda mwanga anali a mphikawu. Anthu a kumeneko ndi aulemu, sindingawanamizire. Ndinaiwala chikwama m'sitima, ndinakachipeza ku siteshoni ndalama zonse zilimo. Sitima ikati ifika 7:42 imafikadi 7:42. Koma zaka ziwiri zathunthu palibe woyandikana naye amene anagogoda pakhomo panga kudzati odi, ngakhale kudzapempha mchere. Mmodzi yekha amene anandiyankhula anali gogo wina amene anandibwezera thumba la zinyalala, akuwerama mwaulemu, chifukwa ndinasakaniza mabotolo ndi zinyalala zowotcha, komanso ndinatulutsa pa tsiku lolakwika. M'sitima yodzaza, mpando wa pambali panga unkakhala wopanda munthu. Poyamba ndinkati mwayi wanga, ndikhala motakasuka. Pofika mwezi wachitatu zinayamba kundidya mumtima.

Tsono mphikawu ndi wa moyo umenewo: munthu mmodzi, mpunga woyezedwa, nthawi yosaphonya. Mpunga wawo wa Koshihikari, wonenepa ndi womata uja, umatuluka wonyezimira, wopanda mchere kapena mafuta, ndipo ndinafika pouzolowera. Nsomba yaiwisi yokha ndiyo inandikanika. Mwana wokulira m'mbali mwa Shire, wodziwa chambo cha pamoto, kumupatsa nsomba yosaphika pa kambale kokongola, ayi ndithu, ndinkangomeza poopa kuchititsa manyazi wondiitana.

Kuno kwathu vuto loyamba ndi magetsi. Ku Japan amagwiritsa ntchito mavoti 100, ife 230. Pulagi yake ndi ya mano awiri afulati, yathu ndi ya mano atatu. Musaganize kuti adaputala ya pa msika yakwanira. Tsiku lomwe ndinafika, alamu anga anali atausomeka kale pa adaputala, chala chili pa switchi, ine n'kukuwa ngati ndaona njoka. Ukanapsa pomwepo. Pamafunika thiransifoma yotsitsa mphamvu ya magetsi, ndipo ikhale yaikulu ndithu chifukwa mphikawu umakoka mawati opitirira 1,000. Yanga ndi yolemera ngati mwala wa mphero, ndipo ndalama yake inaposa ya mphika weniweniwo.

Chachiwiri, magetsi akathima pakati pa ntchito, mpunga umatsala wosapsa, pamwamba phala pansi mchenga. Kangapo ndaukhuthulira m'sefuliya n'kukamalizitsa pa mbaula, amayi akundiyang'ana osanena kanthu, komwe kuli kunena kokwanira.

Kilombero umapsa bwino, fungo lake limadzaza nyumba yonse, kungoti mizere ija anaijambulira mpunga wawo. Ndinaononga makapu angapo ndisanapeze muyeso wanga, ndipo tsopano ndimapitiriza madzi pang'ono pa mzere. Mchere ndi mafuta ndimathira ndithu, akuno sangadye mpunga wosakoleretsa.

Amayi chigamulo chawo anapereka pa Idi. Tinalipo anthu 11, mphika wanga unaphika kawiri koma mbale zina zinali zisanafikiridwe. Iwo anali atateleka kale sefuliya yaikulu panja, makala pansi makala pa chivundikiro. Anauyang'ana mphika wanga n'kuti, "Mwanawe, kamphika kakoka n'ka munthu wopanda abale." Ana nawo anadandaula kuti mulibe nkhoko. Zoonadi mulibe, poto wake samatirira, ndiye chokanganirana pomaliza kudya palibe.

Mawu a amayiwo anandilowa, chifukwa ndi mmene ndinkakhaliradi. Komabe ndikamawoloka mlatho wa Bakili Muluzi, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan lomwelo, minibasi itaima theka la ola kudikira kuti idzaze, ndimapezeka ndikulakalaka sitima ija ya mpando wopanda munthu. Ndimadzidabwa ndekha.

Ngati mumakhala nokha kapena awiri, magetsi kwanuko savutavuta, ndipo mumadya mpunga kawirikawiri, mphika wotere ndi wabwino kwambiri. Koma funsitsani wogulitsayo ngati uli wa mavoti 220 mpaka 240. Alipo opangidwira anthu a kunja kwa Japan, ndipo amenewo safuna thiransifoma. Mabatani a wanga ndi olembedwa m'Chijapani, ndinachita kumata timapepala ta Chichewa kuti mlongo wanga asasokoneze. Wa banja lalikulu asavutike, agule sefuliya yabwino ndi thumba la makala.

Mnzanga wa ku ntchito wandinyengerera kawiri kuti ndimugulitse, thiransifoma yomwe. Ndamuuza kuti ndiganize kaye. Pakadali pano ndimautchera usiku magetsi akakhalapo, ndipo m'mawa ukaimba amayi amaitana ali kuchipinda kwawo kuti kawayilesi kako kayamba, ndipatseko pang'ono ndi tiyi.