Tsiku lomwe tsabola anandiliza ku Durban

Abale anga kumudzi, ndikuuzeni zomwe zinandionekera mwezi watha muzisekako. Paja ndinasiya zaugadi zija, pano ndili mukhitchini ya lesitilanti ina kuno ku Durban komwe timagulitsa bunny chow, buledi amene amamukumba pakati n'kuthiramo kale wa nyemba kapena wa nkhosa. Ine mwana wa ku Mulanje wokulira kambuzi ndi Nali ndinkadzitama kuti tsabola wakuno sangandiuze kanthu.

Tsiku limenelo shefu anandipatsa beseni lodzadza tsabola kuti ndidule, magolovesi anali pompo koma ndinati aaa zachibwana izi. Ndinadula pafupifupi ola lathunthu osamva kalikonse. Kenako manja anayamba kunyeka ngati ndawapisa m'phala lamoto, thukuta kuti chuchuchu, ine osaganiza n'kupukuta diso ndi chala. Mayo ine! Chinanso ndinali nditapita kukataya madzi osasamba m'manja, pamenepo sindifotokoza, amuna anzanga mwamva kale.

Ndinathamangira pasinki koma madzi amangoziziritsa pang'ono, ndikachotsa dzanja moto uja wabwerera. Amene anandipulumutsa ndi mtsikana wina woperekera zakudya, amaphunzira zamankhwala kuyunivesite, kwathu kuno amangobwera madzulo kudzapanga ya fizi. Diso anati ndizingotsuka ndi madzi ambiri, koma manja anandipaka mafuta ophikira, ndinasamba ndi sopo wa mbale, kenako anandiviika m'mbale ya amasi, chambiko chakuno. Ndili chiviikire choncho misozi ili mbwembwembwe anandifunsa kuti malume, tayang'anani dzanjalo, lapsa pati? Kuyang'ana zoonadi, palibe thuza ngakhale limodzi.

Ndiye anandifotokozera kuti kumapeto kwa mitsempha ya pakhungu, pa lilime ndi m'maso muli tizitseko ting'onoting'ono totchedwa TRPV1, ntchito yake ndi ya mlonda wa moto, kutentha kukangopitirira madigiri 43 timatseguka, sodium ndi calcium n'kulowa mumtsempha, uthenga ulendo ku ubongo kuti tikupsa kuno. Tsono mu tsabola muli mankhwala otchedwa capsaicin omwe amakwana ndendende pakachitsekoko, akakakamira pamenepo chitseko chimatseguka popanda moto uliwonse. Ine monga gadi wakale ndinamva msanga, ndi chimodzimodzi munthu kudina alamu dala, bwana amadzuka ndi kabudula ngakhale kulibe wakuba. N'chifukwa chake umatuluka thukuta ukamadya kambuzi ngakhale mu June, thupi likuzimitsa moto woti kulibe. Ndipo capsaicin ndi wamafutamafuta, sagwirizana ndi madzi, koma mafuta, sopo ndi mkaka zimamunyamula. Anatinso ukali wambiri suli munjere ayi, uli mu kanthu koyera kamkati kamene njere zimamerapo, ine zaka zonsezi ndinkalimbana ndi njere.

Usiku ndinafufuza pafoni ndi chala chimodzi chomwe chinali bwinoko. Kachitseko kameneka anakapeza ndi David Julius wa ku San Francisco mu 1997, ndipo anagwiritsa ntchito capsaicin yemweyu pokasaka, mu 2021 analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi Ardem Patapoutian amene anapeza tina tomva kukhudza. Tangoganizani, Nobel chifukwa cha tsabola, ife timangothira pa usipa basi. Palinso china cha kuzizira, TRPM8, chomwe menthol, mankhwala amene ali mu Vicks, amachinamiza, ndiye kuzizira kumene mumamva mukapaka Vicks pachifuwa nalonso ndi bodza lomweli.

Koma chomwe chinandigwira mtima ndi cha mbalame. Kachitseko ka mbalame capsaicin sakagwira, ndiye zimadya tsabola ngati zikudya mapira. Ndinakumbuka kuseri kwa nyumba ya agogo, apumbwa ankatera pa kambuzi uja m'mawa uliwonse, nkhuku nazo kujompha wakugwa, agogo n'kumati mbalamezi n'zokhwima. Ndipo kambuzi ankangomera yekha m'mphepete mwa mpanda, pansi pa mtengo wa mango, malo oti palibe anadzala, kani anali apumbwa aja akamachita chimbudzi. Pamene njovu, chinyama chachikulu chonse chija, chimathawa, alimi a ku Luangwa ku Zambia amazithamangitsa m'minda ndi tsabola yemweyu.

Manja anapola mawa lake masana. Pano magolovesi ndimavala awiriawiri ndipo anyamata a mukhitchini anandipatsa dzina loti Amasi, likuoneka kuti silichoka. Achimwene mukapeza wokwera basi ya ku Joni mwezi uno munditumizireko kambuzi wouma, wakunoyu amangowawa koma fungo lija alibe.